Nsomba yobala ana awiri okha

 Lero tiyambire kutali, ku nyanja yamchere, cha ku Ponta do Ouro kumwera kwa dziko lathu. Kumeneko kuli mtundu wa shaki umene Angerezi amati sand shark, nsomba yotalika mamita 3, yamano ngati minga.

Nsombayi siikira mazira ayi. Ili ndi ziberekero ziwiri, ndipo m'chilichonse mwana wamkulu amadya abale ake. Choncho imabala ana awiri okha pa zaka ziwiri. Msodzi akapha yaikazi imodzi, wapha mbewu. Mu 2021 bungwe la IUCN lidalengeza kuti yatsala pang'ono kutheratu.

Mwina mukuti zikutikhudza bwanji ife? Funsani agogo za ntchila. M'zaka za m'ma 1950 idali mbwee m'nyanja ya Niassa, koma anthu ankaitchinga m'mitsinje ikukwera kukaswa. Lero ndi yosowa.

Tsono inu asodzi a ku Amaramba, neti ya udzudzu ndi yogonamo. Mukakokolola nayo tiana ta nsomba, ndiwo za chaka chamawa mudzazipeza kuti? Tionana sabata yamawa.