Misewu ya Fumbi ya M'chigwa cha Chilwa



Msewu wa tara wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde umadutsa pa msika wa Songani, ndipo ambiri a ife tikanena za ulendo timangoganiza za msewu umenewu. Anyamata athu angathe kukutchulirani malo onse oima basi kuchokera pano mpaka ku Johannesburg, koma muwafunse njira ya ku Mposa kapena ya kuseri kwa phiri la Michesi, angokuyang'anani kukamwa yasa. Chonsecho kumeneko n'kumene kuli azakhali awo, manda a agogo awo, ndiponso timizikiti ta udzu timene mwana amakula osaona mwalimu. Tsopano poti chilimwe chafika ndipo mitsinje yaphwa, tiyeni tikambe za misewu imeneyi.

Poyamba tilidziwe dziko lake. Nyanja ya Chilwa imalandira madzi a Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi Sombani, koma palibe mtsinje wotulukamo. Madzi ake amangotha ndi dzuwa, n'chifukwa chake amamveka kamchere, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana nyanjayo imauma, monga zinachitikira mu 1968 ndi 1995. Mu 2018 mabwato anangoti mbwee pa matope ouma pa dooko la Kachulu. Dothi la m'chigwamu ndi makande. M'dzinja limamata matayala a njinga mpaka mwini wake kuisenza pa phewa. M'chilimwe limang'ambika ming'alu yolowa phazi la mwana. Woyenda m'misewu imeneyi amayamba wafunsa mwezi, kenako n'kufunsa njira.

Ya kufupi sitichedwa nayo. Kutsika ndi mtsinje wa Domasi mufika ku minda ya mpunga, ndipo kuchokera m'tauni ya Zomba, makilomita ngati 30 akufikitsani pa Kachulu, pokwerera boti la ku chilumba cha Chisi. Chakumpoto kuli mapiri a Chikala, kumene Mfumu Kawinga inali ndi linga lake kufikira pamene asilikali a Atsamunda analigwetsa mu 1895. Wokwera pamwamba pake amaona nyanja yonse ili tambalala, mabango, zimbowera za asodzi ndi mapiri a ku Mozambique.

Koma ulendo umene tikuufunira banja lililonse, ngakhale kamodzi kokha, ndi wa kum'mwera. Msewu wa Jali ndi Phalombe anauthira tara, choncho chigawo choyamba n'chosavuta. Mukamayandikira Phalombe yang'anani m'minda. Muona nandolo, mapira ndi mpendadzuwa, mbewu zopirira dzuwa, pamene kuseri kwa phiri lomwelo la Mulanje kuli tiyi wobiriwira chaka chonse. Chifukwa chake n'chakuti mphepo yonyamula mvula imachokera kum'mwera chakum'mawa, n'kukhuthula madzi ake mbali imene yayamba kugunda phiri. Pofika kuno imakhala itauma. Phiri limodzi, alimi a mitundu iwiri. Mwana amene waona zimenezi ndi maso ake savutikanso kumvetsa tikamamuphunzitsa za zizindikiro za Allah m'chilengedwe.

Pa Phalombe musiye tara, mulowe msewu wa miyala wokwera pakati pa Michesi ndi phiri la Mulanje. Umenewu ndiwo mpata wa Fort Lister. Galimoto yaing'ono musaivutitse nawo. Njinga yamoto imakwera, yakapalasa mumaikankha, ndipo potsetsereka chakum'mawa, mbali ya Nkhulambe ndi Muloza, mabuleki ndiwo moyo wanu. Miyala ikuluikulu imene muione itaunjikana m'makwawa sinabwere dzulo yonse. Ina ndi ya napolo wa mu March 1991, amene anatsika m'Michesi n'kukokolola midzi ya Phalombe. Ina ndi ya namondwe wa Freddy wa mu March 2023, amene anasakaza Nkhulambe koopsa. Mukamadutsa pamenepo chepetsani nthabwala ndipo muwapemphere dua amene anatisiya.

Pamwamba pa mpatawo pali mabwinja a linga limene Atsamunda anamanga mu 1893. Analimanga pamenepo chifukwa iyi inali njira ya magulu a amalonda opita kunyanja yamchere, cha ku Quelimane, atanyamula minyanga ya njovu ndiponso akapolo. Apa pamafunika kuti bambo alankhule zoona. Ena mwa mafumu a mtundu wathu anali m'malonda amenewa, ndipo njira zomwezo zimene zinatibweretsera nsalu, kulemba kwa Chiarabu ndi mashehe oyamba zinatengaponso ana a eni ake osabwerera. Ife tikuona kuti n'kwabwino mwana amve nkhaniyi kwa bambo ake ataimirira pa miyala imeneyi, kusiyana n'kuti akaimve kusukulu ngati chipongwe kuchokera kwa mnzake, iye n'kusowa choyankha. Mumuuzenso kuti Chisilamu chinaika kumasula kapolo m'gulu la ntchito zapamwamba, ndipo kuti kuba munthu waufulu n'kumugulitsa ndi tchimo lalikulu, kaya wochitayo avale mkanjo woyera chotani.

Nanga Swala? Funso ili timalilandira kawirikawiri ku madrasa, ndipo ena amasiyiratu kuswali akakhala pa ulendo, ati fumbi lawadetsa. Malinga ndi chiphunzitso cha Imam Shafi, chimene ambiri kuno timatsata, ulendo wa makilomita pafupifupi 80 kapena kupitirira umaloleza kufupikitsa Dhuhr, Asr ndi Isha kukhala marakaa awiri, komanso kuphatikiza Dhuhr ndi Asr, Maghrib ndi Isha. Subhi ndi Maghrib sizifupikitsidwa. Choncho wopita ku Muloza kudzera pa mpata ali ndi chilolezochi, koma wopita pa Kachulu alibe, ngakhale atatopa bwanji. Madzi a Chilwa ndi ololedwa kuchitira wudhu ngakhale ali amchere. Kumwa kokha ndiko tikuletsa, poti kolera wakhala akuvutitsa asodzi m'madooko. Madzi akasoweratu, mutafunafuna, chitani tayammum ndi dothi loyera lokhala ndi fumbi: kumenya kamodzi kupaka kumaso, kumenya kachiwiri kupaka mikono mpaka m'zigongono, ndipo pa Swala iliyonse ya faradhi muyambirenso. Kibula kuno ili kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa. Dzuwa la m'mawa likhale kudzanja lanu lamanja.

Nyamukani mukangoswali Subhi, dzuwa la October lisanakwiye. Pampu, zigamba ndi guluu zisatsale, ndi chigubu cha madzi owiritsa. Petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu amathandiza, koma muyambe mwamuunika pa dzuwa. Njira funsani kwa amayi a pa mjigo kapena akuluakulu a pa chigayo, osati kwa ana, amene amaloza kulikonse pofuna kukusangalatsani. Mukafika pa mudzi wachilendo yambani mwaonekera kwa a nyakwawa, kenako ku mzikiti.

Ndipo musapite chimanjamanja. Shuga ndi sopo n'zabwino, koma m'timizikiti ta kutali ndi tara chosowa kwenikweni ndi majuzu, choko, ndi munthu woti akhale pansi ndi ana masana amodzi n'kumva mmene akuwerengera. Ngati kwanu kuli mnyamata kapena mtsikana amene anamaliza Juzu Amma, mutengeni. Konzani kuti mufike Lachinayi madzulo, muswali Jumu'a limodzi ndi eni mudzi, ndipo mukhale mutabwerako mvula ya November isanagwe pa makande.