Mphatso Yolembedwa Dzina la Mwini Wace

Abale a kumigodi, mwezi wa December ukayandikira funso la m'komboni ndi limodzi: kodi kwathu ndipita ndi ciani? Bulangete ndi labwino, nsapato nazo ndi zabwino, koma mphatso imene mkazi kapena mwana asunga zaka zambiri ndi ija yolembedwa dzina lace.

Kale mphatso yotere inali kulira manja ndi nthawi. Wina anali kupota waya wa mkuwa napanga cibangiri. Wina anali kulemba dzina ndi penti pa bokosi la citsulo. Wina anali kubvala suti napita kwa wojambula, kuti a kumudzi aone kuti ali moyo. Alonda a Cizulu anali kuluka timadengu ta waya wa telefoni usiku ali pa nchito, ndipo timadenguto tigulidwa kufikira lero.

Tsopano nchito yambiri yotere icitidwa ndi makina. Oyamba ndiwo a laser, kuunika kwamphamvu kumene Theodore Maiman anayamba kuonetsa ku America m'caka ca 1960. Lero masitoro ang'ono ali nao, ndipo aocha dzina pa mtengo, pa cikopa kapena pa citsulo m'mphindi zowerengeka. Aciwiri ndiwo osindikiza cithunzi pa kapu ndi pa malaya. Cithunzi ciyamba casindikizidwa pa pepala ndi inki yace yace, kenaka cipanikizidwa ndi kutentha kwa madigiri pafupi 200. Inkiyo isanduka nthunzi nilowa m'nsalu. Koma igwira pa polyester, pa nsalu ya thonje siikhalitsa iai, ndipo kapu nayo iyenera kukhala yopakidwa mwapadera. Acitatu ndiwo makina osokera oyendetsedwa ndi kompyuta, amene apeta dzina pa cipewa kapena pa thaulo.

Makinawa ndi acangu ndithu, koma sadziwa mwana wanu. Alemba cimene apatsidwa basi. Cifukwa cace cenjerani pa zinthu zinai izi.

Coyamba, lembani dzinalo pa pepala inu nokha, ndipo mulione pa kompyuta musanalipire. Wa m'sitoro sadziwa cinenero cathu, angathe kulemba Mpatso m'malo mwa Mphatso. Cimene laser yaocha sicifafanizika, ndipo ndarama zanu sizibwera.

Caciwiri, cithunzi cotumizidwa pa WhatsApp cicepetsedwa pa njira. Pa foni cioneka bwino, koma cikakuzidwa pa malaya nkhope ikhala yacimbuuzi. Pemphani a kumudzi acitumize monga document, kuti cifike cathunthu.

Cacitatu, kumbukirani ulendo. Kapu yadothi imene ikwera basi ku Johannesburg, nidzera ku Beitbridge ndi ku Tete kufikira ku Mwanza, kawirikawiri ifika iri zidutswa. Ngati simungathe kuikulunga bwino pakati pa zobvala, sankhani ca nsalu, ca mtengo kapena ca citsulo.

Cacinai, musakongole ndarama za katapila cifukwa ca mphatso. Mai wa ana sangakondwere ndi kapu ya nkhope yace pamene ndarama za feteleza ndi za sukulu zapita kwa mwini ngongole.

Ndiponso tisataye amisiri a manja. Njira yabwino ndiyo kuphatikiza zonse ziwiri: gulani cipande, lamba kapena kampando kwa mnzanu wodziwa kusema ndi kusoka, ndipo mupite nako ku makina kukaocha dzina. Potero mmisiri apeza ya sopo, ndipo mphatso yanu siifanana ndi ya munthu wina aliyense. Mau olembapo musatengere a m'sitoro. Sankhani anu: mfunda wa amai anu, caka cimene munakwatira, kapena dzina limene mumuchula mwana mukamamnyamula.

Akulu anati kupatsa nkuika. Mukhale bwino nonse, tidzacezanso sabata ya mawa.