Jekete Imavalidwa Pamwamba pa Phiri

Ana anga okonda mipikisano ya njinga zam'mapiri, ndibwerekeni khutu. Ndimaona zimene mumachita tsiku la mpikisano likakwana. Mumainyamula njinga ndi dzanja limodzi kuti mumve kulemera kwake, mumachotsa aka ndi ako, ndipo choyamba kutsala m'galimoto ndi jekete yamvula. Akuti imalemera. Koma chakudza sichiimba ng'oma, ndipo mvula yam'phiri ndiye siodira n'komwe.

Taganizani za mpikisano wa Grand Raid wa ku Switzerland, umene unayamba mu 1990. Njira yake yaitali ndi makilomita 125, kuchoka ku Verbier kukathera ku Grimentz, ndipo chakumapeto anthu amatsika n'kumakankha njinga pokwera Pas de Lona, pamtunda wa mamita 2,787. Umachitika mu Ogasiti, kumeneko kukutentha. Komatu munthu akakwera mamita 1,000, mpweya umakhala utazizira ndi madigiri pafupifupi 6. Mvula imene m'chigwa ikungotsitsimula anthu, pamwambapo ikukungutsa zala.

Chimene chimakupusitsani ndi chitunda. Pokwera thupi limakhala ngati mbaula, thukuta lili kamukamu, mvula ikakugwerani mumaithokoza. Mukangofika pamwamba zonse zimatembenuka. Miyendo yasiya kupalasa, moto wam'thupi wazilala, malaya anyowa kunja ndi mkati, ndipo potsika mphepo ikukuwombani pachifuwa kwa theka la ola. Madzi amaba kutentha kwa thupi msanga kwambiri kuposa mpweya. Zimayamba ndi zala: zimauma, buleki osagwirika bwino. Kenako nsagwada zimagwedera. Kutentha kwa m'thupi kukatsika kupyola madigiri 35, mutu nawo umayamba kubalalika, ndipo apa ndi pamene pali chinyengo chenicheni, chifukwa nzeru zoti zikuuzeni kuti imani ndi zomwe zayamba kufooka.

Mverani nkhani ya okwera njinga zapamsewu, poti mnzako akapsa ndevu suchita kufunsa kuti moto umatani. Pa 5 Juni 1988, mpikisano wa Giro d'Italia unadutsa pa Passo di Gavia, mamita oposa 2,600, chipale chofewa chikugwa. Johan van der Velde wa ku Netherlands ndiye anayamba kufika pamwamba, atavala malaya amanja aafupi. Potsikira ku Bormio kuzizira kunamugwira mpaka anaima, ndipo anakafika patapita mphindi zoposa 40 wopambana atafika kale. Akuluakulu a timu ya Andy Hampsten, ya 7-Eleven, anali atapita m'masitolo kukagula zovala ndi magolovesi a anthu osewera pachipale, n'kuika munthu kumtunda kuti azipereka zofunda. Hampsten anafika wachiwiri tsikulo, kumbuyo kwa Erik Breukink, koma anatenga utsogoleri wa mpikisano wonse ndipo anaupambana, munthu woyamba wa ku America kutero. Miyendo yolimba anali nayo onsewo. Kuthamanga sikufika.

Ndiye mukafika pamwamba, imani. Mphindi imodzi yokha. Valani jekete musanamve kuzizira, kokani zipi mpaka m'khosi, sinthani magolovesi ngati muli ndi ena ouma amene munakulunga mu jumbo. Anzanu awiri atatu akudutsani, inde, ndipo mtima uwawa. Alekeni. Ambiri mukawapeza kumunsi akunjenjemera m'mbali mwa njira. Mkati musavale malaya athonje, chifukwa amamwa madzi n'kuwasunga pakhungu; aubweya wa nkhosa kapena a nsalu zouma msanga ndiwo abwino.

Idyaninso. Kukazizira ludzu limabisala, zala zimakana kung'amba kapepala ka chakudya, munthu n'kumati ndidya kutsogolo. Chonsecho thupi likunjenjemera limatentha shuga wambiri, ndipo nkhokwe yake siichedwa kutha. Tseguliranitu timapaketi usiku woti mawa mpikisano, muziponya kanthu m'kamwa pafupipafupi. Njinga nayo ili ndi madandaulo ake, poti walira mvula walira matope: mchenga wonyowa umadya mapadi a mabuleki ngati tupa, tcheni chimauma. Yambani ndi mapadi atsopano, enanso m'thumba.

Ku mpikisano wa njinga wa Cape Epic wa ku South Africa amapikisana awiriawiri, ndipo lamulo ndi lakuti asatalikirane kuposa mphindi 2. Lamulo limeneli ndimalikonda, ngakhale achinyamata amaliona ngati goli. Munthu amene wazizidwa kwambiri sadzidziwa. Amamudziwa ndi mnzake. Mukaona wina akulankhula mokoka lilime, akudzandira ngati woledzera, kapena wasiya kunjenjemera pamene kukuzizirabe, mpikisano wake watha, ndipo wanunso uyambe wadikira. Muchotseni pamphepo, mumuvule zonyowa, mumufunditse, muitane achipatala. Mowa ayi, ngakhale akuchondelereni bwanji. Umangonamiza khungu uku kutentha kukuthawa.

Mwina mukuti nkhalambayi ikuopseza. Pa 22 Meyi 2021, ku Gansu m'dziko la China, anthu 172 anayamba mpikisano wothamanga makilomita 100 m'mapiri, ambiri atavala makabudula ndi malaya opyapyala. Kunabwera mphepo, matalala ndi mvula yozizira, ndipo anthu 21 anafa. Mmodzi mwa iwo anali Liang Jing, katswiri wodziwika m'dziko lonselo. Ena 6 anapulumutsidwa ndi mbusa wa nkhosa amene anawalowetsa m'phanga n'kuwasonkhera moto. Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Kusiya mpikisano, kupereka nambala yanu kwa oyang'anira n'kukwera galimoto si chinthu choti mubisire nkhope.

Musanene kuti izi ndi za kwa azungu. Amene anagwidwapo ndi chiperoni pa Zomba kapena pa Mulanje mu Juni, kapena anadzukapo pa Nyika udzu utayera ndi chisanu, akudziwa kuti sipafunika chipale kuti munthu aume. Mvula yowaza, mphepo ndi kutopa zimakwana. Inu okonza mipikisano, muziona m'thumba mwa aliyense asananyamuke, ndipo wopanda jekete musamulole kuyamba, ngakhale akhale amene anapambana chaka chatha.