Ophunzira zaumoyo aziphunzitsidwanso kunena kuti "dikirani kaye"

Mwezi wathawu ndinaperekeza azakhali anga kuchoka kwathu, m'mphepete mwa nkhalango ya Dzalanyama, kupita kuchipatala china. Pawindo lolandirira mankhwala anaitana kuti "a Banda!" Amayi awiri anadzuka. Azakhali, omwe khutu limawavuta, ndiwo anafika msanga, n'kulandira buku la kuchipatala ndi mankhwala, n'kumanga pachitenje.

Tili pageti, mtsikana wovala yunifolomu ya ophunzira anatithamangira. "Pepani amayi, dzina lanu loyamba ndani? Mudzi wanu ndi uti?" Bukulo silinali lawo. Mankhwalawo anali a shuga, pomwe azakhali anabwerera BP.

Chimene sindinaiwale ndi mantha a mtsikanayo. Ankangocheukira kuwindo, kuopa kuti wamkulu wake amuona akukonza cholakwika. Anapulumutsa munthu, koma ankaoneka ngati waba nkhuku. Apa ndi pomwe maphunziro athu a zaumoyo ayenera kukonzedwa.

Vutoli lili paliponse. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa odwala 10 alionse, mmodzi amavulazidwa ndi chithandizo chomwe anapitira kuchipatala, ndipo zambiri mwa ngozizi n'zopeweka. N'chifukwa chake kuyambira mu 2019, dziko lonse limakumbukira chitetezo cha odwala pa 17 September. Kuno kwathu, chaka chomwecho ofesi ya Ombudsman, a Martha Chizuma ali pampando, inatulutsa lipoti lokhudza amayi omwe anachotsedwa chiberekero m'zipatala za boma atapita kukachira. Nkhani ija inatikumbutsa kuti kachilema kakang'ono, monga chida chosatsukidwa bwino kapena kuchedwa kumuona wodwala, kamatha kusintha moyo wa munthu mpaka kalekale.

Sukulu tili nazo: KUHeS, Malawi College of Health Sciences, Nkhoma, Daeyang ndi zina. Nalo buku lophunzitsira lilipo. Mu 2011 WHO inatulutsa ndondomeko ya mitu 11 yophunzitsira anamwino, azamba, madokotala ndi ogawa mankhwala za chitetezo cha odwala. Muli za kugwira ntchito mogwirizana, kupewa kupatsirana matenda, kusamala popereka mankhwala komanso kuphunzirapo pa zolakwika. Komatu wophunzira amatengera zomwe akuona muwodi kuposa zomwe analemba mukope. Akaona wamkulu akubaya jakisoni osafunsa dzina, nayenso aziteronso. Akaona mnzake akukalipiridwa pamaso pa odwala chifukwa wafunsa, basi, pakamwa watseka. Ndipo ife tinaleredwa kuti mwana satsutsa wamkulu. Ulemu umenewu ndi wabwino pabwalo la mfumu, koma muwodi ukhoza kupha.

Ganizirani komwe achinyamatawa amakagwira ntchito akamaliza. Ambiri sakhala ku Kamuzu Central komwe kuli madokotala akuluakulu oti n'kuwafunsa. Amatumizidwa kuzipatala ngati cha Mitundu kapena cha Nathenje, komwe kumafika anthu ochokera m'midzi yakutali, ena pa kabaza, ena pa ngolo. Kuzipatala za kumidzi, usiku namwino amatha kutsala yekha ndi mayi woyembekezera, mwana wa malungo komanso wovulala pangozi ya njinga yamoto. Pamenepo chomwe chimamuteteza ndi chizolowezi chomwe anachitenga ali pasukulu. M'mera mpoyamba.

Ndiye aphunzitsidwe chiyani? Afunse dzina lonse ndi mudzi, chifukwa kuno a Banda ndi a Phiri ndi osawerengeka. Asambe m'manja asanagwire wodwala aliyense. Amuyeze mwana pasikelo asanamupatse LA, poti mlingo wake umayendera kulemera kwa thupi. Afunse ngati mankhwala ena, monga Bactrim, anamuwengapo munthuyo. Posinthana ntchito, afotokozerane za wodwala aliyense m'malo mongosiyirana makiyi. Koposa zonse, ayeserere m'kalasi kuuza wamkulu mwaulemu kuti "dikirani kaye, tionenso," mpaka mawuwa azituluka popanda kunjenjemera.

Ndipo izi zizikhala pamayeso. Tonse tadutsa kusukulu, tikudziwa kuti chomwe sichibwera pamayeso sichiwerengedwa. Mabungwe a Nurses and Midwives Council ndi Medical Council of Malawi, omwe amapereka ziphaso zogwirira ntchito, ali ndi mphamvu zoonetsetsa kuti zimenezi zikuchitika. Nawo akuluakulu a m'mawodi aziyamikira wophunzira amene waulula kuti walakwitsa, chifukwa cholakwika chobisidwa chimabwereranso kwa wodwala wina.

Ena anena kuti vuto lenileni ndi kuchepa kwa ogwira ntchito, magolovesi ndi madzi. N'zoona, ndipo boma lisathawe udindo wake. Koma kufunsa dzina la munthu sikulira bajeti.

Inunso amene mukuwerenga pafonipa, mawa mudzakhala gadiyani wa mayi anu. Tsegulani bukulo muone ngati dzina ndi lawo. Funsani kuti mankhwalawa ndi a chiyani, amwe kangati. Safunsa anadya phula. Ndipo wophunzira akakuimitsani kuti afunsenso, musamuone ngati wosadziwa ntchito. Azakhali anga akupalira chimanga lero chifukwa cha mtsikana amene anathamanga, ngakhale anali ndi mantha.