Nyumba za Housing ku Mzuzu: tikufuna pangano la chaka, lolembedwa

Aliyense amene anasakapo nyumba ya lendi ku Mzuzu akudziwa kuti kupeza nyumba ya Malawi Housing Corporation ndi mwayi waukulu. Lendi yake ndi yotsika poyerekeza ndi imene eni nyumba amalipiritsa ku Katoto, ku Chibanja kapena ku Luwinga, ndipo ndi yotsika dala. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1964 kuti Amalawi azikhala m'nyumba zabwino pa mtengo umene angakwanitse. Nyumba zimenezi ndi chuma cha tonse. N'chifukwa chake funso lakuti ndani akukhalamo, ndipo akukhalamo pa pangano lotani, likukhudza ngakhale munthu amene sanapondepo pakhomo pa ofesi ya Housing.

Maganizo anga ndi akuti nyumba iliyonse yotere ikhale ndi pangano lolembedwa la chaka chathunthu, ndipo chaka chikatha wokhalamo azibwera yekha kudzasainanso. Zomangolipira mwezi ndi mwezi popanda pepala latsopano zithe.

Anthu ambiri sadziwa chimene chimachitika pangano likatha koma palibe wasainanso. Munthu akapitiriza kukhala m'nyumbamo, mwini wake n'kumalandira lendi ya pamwezi, lamulo limamuona ngati wokhala mwezi ndi mwezi. Notisi ya mwezi umodzi ndi yokwanira kuti atuluke. Ganizirani mphunzitsi amene ali ndi mwana wa sitandade 8 wolemba mayeso posachedwa, kapena namwino wa pa Mzuzu Central Hospital amene amagwira ntchito usiku. M'masiku 30 angapeze kuti nyumba ina? Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000 mu mzinda uno, ndipo chiwerengerocho chikukwerabe. Ophunzira a pa Mzuzu University adzaza zipinda ndi maboizikota ku Luwinga ndi madera oyandikira. Eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi, dobadoba wokuperekezani kukaona nyumba naye akufuna zake. Banja lothamangitsidwa mwadzidzidzi limathera kumadambo ndi m'zigwa, komwe madzi osefukira a mu April 2016 anagwetsa nyumba zambiri. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma munthu amene wakhala m'nyumba zaka 15, wabzala nthochi kuseri, wabereka ana n'kuwalera pomwepo, si mlendo ayi.

Pangano la chaka limamanganso mtengo. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, zinthu zonse zinakwera, simenti ndi malata omwe. Sindikutsutsa kuti Housing ikufunika ndalama zokonzera nyumba, makamaka kuno kumene mvula imagwa nthawi yaitali ndipo makoma amachita nkhungu. Koma wokhalamo azidziwa kuti mtengo umene wasainira sudzasintha mpaka chaka chithe, ndipo watsopano azimuuza miyezi itatu pangano lisanathe. Takhala tikuona bungweli ndi okhala m'nyumba zake akukokana kukhoti pa nkhani ya kukweza lendi. Ndalama zopita kwa maloya zikanatha kukonza madenga angati odontha?

Tsopano ndinene mbali imene ena okhala m'nyumbazi safuna kumva. Nyumba za Housing n'zochepa kwambiri, masauzande ochepa chabe m'dziko lonse, pomwe ofuna nyumba ndi ochuluka kuposa pamenepo kambirimbiri. Komabe alipo anthu amene anamanga zawo kalekale, kapena anasamutsidwira ku Lilongwe, koma nyumba ya Housing sanaibweze. Analowetsamo munthu wina amene amawalipira mtengo wa pamsika, iwo n'kumapereka ku Housing kagawo kochepa, zotsalazo m'thumba. Kumeneku ndi kuba. Akubera bungwe, akubera wapolisi wachinyamata amene dzina lake lakalambira pa mndandanda wodikira, ndiponso akubera munthu amene ali m'nyumbamo, chifukwa iye alibe pepala lililonse lomuteteza. Tsiku limene "mwini nyumba" wabodzayo wapeza wopereka zambiri, katundu amatulutsidwa panja ndipo palibe kokadandaula.

Pamene lendi ikungolowa ku banki mwezi ndi mwezi popanda wofunsa, chinyengo chotere chimabisala bwino. Pangano lapachaka lingachiulule. Kuyambira 2017 Amalawi tili ndi chiphaso cha unzika. Wosaina abwere nacho, ndipo wogwira ntchito wa Housing akafike pakhomo kukaona ngati nkhope ya pachiphaso ndi imene ikugona m'nyumbamo. Akapeza wina, pangano lisapitirire, ndipo amene wapezekamoyo apatsidwe nthawi yokwanira yosamuka, pakuti wolakwa weniweni si iye.

Ena adzati kusaina chaka ndi chaka kudzatsegula khomo la ziphuphu, kuti kalaliki azidzati "mundiganizire" asanadinde pepala. Mantha amenewa ndi omveka. Mankhwala ake ndi kulemba poyera zifukwa zokanira pangano: ngongole ya lendi, kubwereketsa nyumba kwa wina, kuiwononga. Ngati palibe chimodzi mwa izi, kusainanso kukhale ufulu wa wokhalamo, osati chifundo cha bwana. Wokanidwa apatsidwe kalata yonena chifukwa, ndi mwayi wochita apilo. Ndipo muyeso ukhale umodzi: nthambi za boma zimene zimakhala ndi ngongole za lendi ku Housing zisamalekereredwe pomwe mayi wamasiye wochedwa miyezi iwiri akuopsezedwa ndi loko pachitseko.

Kwa akuluakulu a Housing m'chigawo cha kumpoto, yambani ndi Mzuzu: werengani nyumba zanu khomo ndi khomo, lembani mapangano a chaka, matani malamulo ake pa bolodi kuti aliyense awerenge. Aphungu ndi makhansala a mu mzinda uno, funsani za nkhaniyi pa misonkhano yanu. Nanu amene mukukhala m'nyumba ya lendi, ya Housing kapena ya munthu wamba, tulutsani pepala lanu lero muone tsiku limene linatha. Ngati linatha kale, pitani mukapemphe latsopano mwezi uno usanathe.