Kachisi amene anagona pansi pa mzinda zaka zoposa 450

Mu February 1978, anthu ogwira ntchito ya magetsi ankakumba mumsewu wina pakati pa mzinda wa Mexico City. Mwadzidzidzi anagunda chimwala chozungulira, chachikulu kupitirira mamita atatu, chosemedwapo chithunzi cha Coyolxauhqui, mulungu wamkazi wa mtundu wa Aztec. Sankadziwa kuti afika pamaziko a Templo Mayor, kachisi wamkulu wa mzinda wakale wa Tenochtitlan.

Kachisiyu anali ndi tiakachisi tiwiri pamwamba pake, kamodzi ka Huitzilopochtli, mulungu wa nkhondo, kena ka Tlaloc, mulungu wa mvula. Asilikali a ku Spain motsogozedwa ndi Hernán Cortés atalanda mzindawo mu August 1521, anagwetsa kachisiyo, ndipo miyala ya nyumba zakalezo inalowa m'makoma a mzinda watsopano. Mibadwo inadutsa anthu akuyenda pamwamba pake osadziwa bwinobwino pamene panali.

Chimene chimandigwira mtima pankhaniyi n'chakuti akatswiri ofukula zakale, motsogozedwa ndi Eduardo Matos Moctezuma, anachita kugwetsa nyumba zina zimene zinamangidwa pamalopo kuti kachisi aoneke. Komabe chimene anapeza ndi maziko, makwerero ndi zinthu zimene ankapereka nsembe. Nsonga yake, pamene panali tiakachisi tija, inapita kalekale. Nyumba yosungiramo zinthu zofukulidwazo inatsegulidwa mu 1987, koma akuluakulu anati madzi akatayika saoleka.

Ndikunena izi chifukwa mwezi wathawu ndinapita kumudzi n'kupeza kuti sitolo yakale ya njerwa zootcha pamsika pathu, imene agogo ankagulamo mchere ndi palafini, yaphwasulidwa. Pamalopo ayamba kale kukumba maziko a nyumba ina. Njerwa zake anthu anatolerana, ena amangira makola a nkhumba. Ndinafunsa anthu asanu ngati pali amene ali ndi chithunzi chake. Palibe ndi mmodzi yemwe.

Sindikunena kuti tisamange zatsopano. Koma musanagwetse nyumba imene yaona mibadwo itatu, tengani foni muijambule mbali zonse, ndipo mufunse achikulire kuti anaimanga ndani, liti, ndipo munkachitika zotani. Mulembe mayankhowo m'kope. Anthu a ku Mexico anali ndi mwayi poti miyala siwola. Njerwa zathu ndi mawu a agogo sizingatidikire zaka 450.