Matikiti a James Bond sawerengedwa ku Kawale

Okonda kuyerekeza mafilimu a James Bond amathamangira ku ndalama. Skyfall wa mu 2012 anapanga ndalama zoposa madola 1 biliyoni padziko lonse, pomwe Thunderball wa mu 1965 anapeza pafupifupi madola 141 miliyoni. Komatu tikiti ya m'masiku a Sean Connery, amene anasewera Bond mu Thunderball, inali yotchipa kwambiri, kotero ukawerenga anthu amene analowa mu sinema ku America, Thunderball ndi amene amaposa.

Kuwerenga konseku kumasiya kunja anthu a ku Kawale, Biwi ndi Chinsapo. Malawi analibe wailesi ya kanema mpaka 1999, ndipo ambiri m'makomboni anamudziwira kazitape ameneyu ku vidiyo sho: kachipinda kamdima, mabenchi a matabwa, sipika pakhomo ikulirira msika wonse, mayina a mafilimu atalembedwa ndi choko. Ndalama yolowera inkagwera m'thumba la mwini malo, osafika m'kaundula aliyense. Kenaka anabwera anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa, moti ngakhale agogo anayamba kutsatira nkhani. Lero wachinyamata wa ku Area 25 amangoikitsa No Time to Die wa mu 2021 pa memory card, n'kuonera pa foni ndi anzake.

Izi zikhudze opanga mafilimu athu. Oonera alipo ambirimbiri ku Mgona ndi ku Area 23, koma palibe amene amawawerenga, ndipo wofuna kuika ndalama pa filimu ya Chichewa amafunsa kaye chiwerengero chimenecho.